Tsamba Lotseguka Lokha

Ndinasala kudya masiku atatu ndisanatsimikize zochoka kwathu ku Unit G, ku Chitungwiza. Ndikuyamba ndi zimenezi kuti musandiyese munthu amene anangodzuka m'mawa n'kumanga katundu. Ndinapemphera mpaka maondo kuwawa, chifukwa ndinkafuna kumva kwa Mulungu mwini wake ngati ndipite ku Kepi, kutsidya kwa malire, kapena ndikhale. Mnzanga amene tinkagulitsa naye kaunjika pa msika wa Makoni anali atatsogola kumeneko, ndipo anandipezera ntchito yosamalira gogo wina wachizungu. Anati ndiyankhe sabata isanathe, apo ayi malowo apatsa wina.

Chondigwira mwendo chinali chimodzi, bambo anga. Amayi anali atamwalira, banja langa linali litatha ndilibe mwana, ndipo ndinkakhala ndi bambo m'nyumba imodzi ndi achimwene anga a Jemusi ndi akazi awo, Mai Tino. Bambo anabadwira ku Dedza. Anabwera ku Zimbabwe ali mnyamata kudzagwira ntchito pa famu ya fodya, ndipo za mafamu zitasokonekera ndi pamene tinasamukira ku Chitungwiza. Pa ana awo, ine ndekha ndinkawayankha m'Chichewa. A Jemusi amamva zonse, koma akatsegula pakamwa chimatuluka ndi Chishona. Mai Tino ndi Mshona wa ku Murehwa, munthu wabwino mtima, koma Chichewa chawo chimayambira pa "muli bwanji" n'kuthera pa "zikomo."

Chaka chimenecho bambo anali atayamba kuiwala. Tsiku lina anathira mchere mu tiyi, n'kumwa kapu yonse osadandaula. Tsiku lina anasochera pochokera ku tchalitchi, njira imene ankayenda Lamulungu lililonse, mpaka anachita kuwabweretsa mayi wina wogulitsa tomato. Pakhomo tinkaseka kuti ndi ukalamba. Inenso ndinkaseka nawo.

M'mawa wa tsiku lachitatu la kusala, Loweruka, bambo anapita ku msonkhano wa sosaiti ya maliro, kumene a Malawi a kuno amasonkherana kuti mnzawo akamwalira aikidwe ngati munthu. Ine ndinalowa m'chipinda chawo n'kukoka sutikesi ya malata pansi pa bedi. M'menemo munkakhala Baibulo lawo la Chinyanja chakale, limene anabwera nalo kuchokera kumudzi, chikuto chake chomatidwa ndi nsalu ya ovolosi. Ife ana sitinkaloledwa kuligwira. Ndinali ndi langa la Chishona, koma ndinkaona ngati nkhani yaikulu chonchi ikufunika buku lokhala ndi mphamvu.

Ndinagwada n'kunena kuti, "Ambuye, ine nzeru zandithera. Pamene litsegukire bukuli, ndi pomwepo pamene mwayankha." Ndinaliimika pa bedi msana wake uli pansi, n'kuchotsa manja. Linatseguka pa tsamba lija pamene Mulungu akuuza Abramu kuti asiye dziko lake, abale ake ndi nyumba ya atate wake. Thupi lonse linachita tsemwe. Ndinati mwina zangochitika, ndiye ndinalitseka, n'kupempheranso, n'kulisiyanso. Linatseguka pomwepo. Kachitatu, pomwepo. Ndinalira ngati mwana, ndipo masana omwewo ndinamuimbira mnzanga kuti ndikubwera.

Lamulungu ndinaima kutsogolo kwa mpingo n'kuchitira umboni. Amayi a chigwirizano analiza nthungululu, ena anaimirira manja ali m'mwamba. Munthu mmodzi yekha sanaombe m'manja, a Mbewe, mkulu wa mpingo, mnzawo wa bambo kuyambira ku famu. Titatuluka anandikodola pansi pa mtengo wa mango.

"Iwe Tamanda, kodi Mulunguyo unamufunsa, kapena unangomuuza?"

"Ndinafunsa, a Mbewe. Katatu konse."

"Baibulo lake linali la ndani?"

"La ababa."

Anandiyang'ana, natsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kenaka anangoti, "Chabwino. Ukawafotokozere eni ake a bukulo." Ine ndinaona ngati ndi nsanje ya nkhalamba zimene zimafuna kuti Mulungu azidzera kwa izo asanafike kwa ife.

Bambo ndinawapeza pa benchi la kukhonde akupukuta nsapato zawo za ku tchalitchi. Iwo sanali m'kachisi pamene ndinkachitira umboni, anali atatuluka msanga chifukwa cha chifuwa. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo n'kufotokoza zonse, za ntchito, za kusala, za Baibulo. Burashi inaima m'manja mwawo.

"Watsegula buku langa?"

"Inde, ababa. Mundikhululukire."

"Ndiye latseguka pa Abramu."

"Katatu, ababa."

Anayang'ana nsapato ija. Kenaka anafunsa kuti, "Ukakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka ziwiri basi. Ndikangopeza poyambira ndibwera."

"Ziwiri," anatero, ngati akulawa mawuwo. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe, n'kuyambanso kupukuta nsapato imene inali itawala kale. "Pita, mwana wanga. Ine ndine ndani kuti ndiime patsogolo pa mawu?"

Lero ndikulemba izi ndili pa benchi lomwelo, ndipo "ziwiri" uja amandibwererabe m'makutu. Nthawi imeneyo ndinamva chilolezo chokha, chifukwa ndi chimene ndinkasaka. Sindinadzifunse kuti iwo anadziwa bwanji tsambalo ine ndisanalitchule dzina.

Ulendo wa basi unali wa masiku awiri, ndi maola osawerengeka titaima pa mzere pa malire ku Beitbridge, dzuwa likuotcha pamutu. Ndinafika ku Kepi miyendo itatupa. Nyumba imene ndinakagwira ntchito inali m'munsi mwa phiri, ndipo gogo wakeyo aliyense ankamutchula kuti Ouma. Anali wamng'ono thupi, wa manja ozizira, wodwala matenda oiwala. Ntchito yanga inali kumusambitsa, kumudyetsa, kumuyendetsa m'munda wa maluwa, ndi kumubweza akayamba kulowera ku geti.

Ndisaname, ndinakukonda. Anandipatsa chipinda changachanga chokhala ndi kiyi. Madzi ankatuluka pampopi nthawi iliyonse, otentha ndi ozizira, ine munthu wa ku Chitungwiza amene ndinakula ndikupanga mzere pa mjigo ndi zigubu tambala asanalire. Sabata yoyamba ndinkasamba kawiri pa tsiku popanda chifukwa. Malipiro oyamba nditatumiza kunyumba, Mai Tino anandiimbira akuimba nyimbo. Bambo anayamba kupeza mankhwala a mtima mwezi uliwonse osadumpha. Tinaika sola padenga, kenaka tinamanga mpanda wa simenti kuzungulira nyumba, ndi geti la chitsulo. Akanditumizira zithunzi, ndinkati Ambuye, umboni wanu ndi umenewu.

Kusungulumwa kunkabwera Lamulungu masana. Ana a Ouma ankadzamutenga, nyumba n'kukhala zii, mphepo ya ku Kepi ikugwedeza mazenera. Ndi anzanga a ku Zimbabwe tinkakumana ku tchalitchi, koma ndi iwo tinkayankhula Chishona. Chichewa ndinalibe woyankhula naye. Ndinkapezeka ndikudzikalipira ndekha m'khitchini, "Iwe Tamanda, chitsiru, mpunga ukupsererawu," kuti ndingomva mawuwo akutuluka pakamwa pa munthu. Madzulo ndinkajambula mawu pa foni n'kutumiza kwa Mai Tino kuti awamvetsere bambo, iwo n'kuyankha: "Tili bwino kuno, mvula yagwa, usamaiwale kupemphera." Chaka choyamba ankatchula dzina langa kumayambiriro ndi kumapeto.

Chakumapeto kwa chaka chachiwiri Ouma anasiya kuyankhula Chingerezi. Anayamba kundilankhula Chibunu chokhachokha, ndipo ndikamuyankha m'Chingerezi ankandiyang'ana ngati ndamutukwana. Mwana wake wamkazi anandipeza ndikutsuka mbale nandifotokozera kuti matendawa amatero, zinenero zimene munthu anaphunzira atakula zimayamba kuchoka, n'kutsala chimene anayamwira. Iye ankanena za mayi ake. Ine ndinaima ndi mbale m'manja, madzi akungotayika, chifukwa bambo anga Chishona anachiphunzirira pa famu ali ndi ndevu kale.

Sipanapite miyezi yambiri Mai Tino anaimba. Iwo amanditcha Tete, monga amachitira Ashona kwa mlongo wa mwamuna wawo, ine ndimawatcha Maiguru, ndipo akamanena bambo anga amati Sekuru.

"Tete, Sekuru havachataura Shona. Vari kungotaura chiMalawi chavo. Handinzwe, Tete, ndoita sei?"

Ankanena kuti bambo asiya Chishona, ndipo iwo sakumva kanthu. A Jemusi amayendetsa kombi, minibasi ya kuno, amachoka kusanache n'kubwera bambo atagona. Nditawaimbira anati, "Usanetseke, Tama, tiri kumaneja. Iwe shanda hako." Ndisadandaule, ndizingogwira ntchito. Mawu amenewo ndinawalandira ndi manja awiri.

Ndiye tinapangana njira. Bambo akayamba kuyankhula, Mai Tino ankawajambula pa foni n'kunditumizira, ine n'kumasulira. Ndinasanduka womasulira wa bambo anga ndili kutsidya kwa malire. "Maiguru, akuti nsapato ya kumanzere ikuwaluma chala." "Akuti phala lachepa shuga." "Akuti akufuna kukhala padzuwa." Nthawi zina uthenga unkafika ndili pakati posambitsa Ouma, n'kudzaumva patapita maola anayi. Munthu ankapempha madzi akumwa m'mawa, pempho lake n'kukazungulira ku Kepi, kudzamveka ku Unit G masana. Ndinkapukuta msana wa mayi wa eni, bambo anga akudikira kuti wina amve kuti ali ndi ludzu.

Zaka ziwiri zinakwana, ine osamanga katundu. Ndinati nditsirize kaye mpanda. Mpanda utatha ndinati Ouma sangazolowere munthu wina. Pakadafunda padajiwitsa galu, akuluakulu sananame. Chikumbumtima chikandiluma ndinkagwada n'kukumbutsa Mulungu za tsamba lija, ngati munthu wotulutsa chiphaso pa rodibuloko: "Munandituma ndinu, Ambuye, katatu konse." Sindinafunsenso kachiwiri ngati nthawi yobwerera yakwana. Ndinkaopa kuti angandiyankhe.

Pali uthenga umodzi umene sindinaumasulire. Unali wautali kuposa ena onse. Bambo sankapempha kanthu, ankangoyankhula motsitsa ngati munthu akuperekezedwa: "Bwererani apa, amayi, dzuwa lakwera. Musalire. Mvula ikagwa kawiri mundiona, ndidzakubweretserani bulangete." Kenaka kunamveka kupuma kwawo kokha. Mai Tino analemba kufunsa kuti akuti chiyani. Ndinayankha kuti palibe, ndi nkhani zakale. Uthengawo sindinaufufute, koma sindinaumverenso, ndipo usiku wambiri ndinkagona foni nditaitembenuza chafufumimba ngati ili ndi maso.

Ouma anamwalira m'chaka changa chachisanu ndi chimodzi, dzanja lake lili m'manja mwanga. Mwana wake anandichitira chifundo, nandipezera nyumba ina yokhala ndi nkhalamba ina. Ndinapempha mwezi umodzi kuti ndikaone kwathu. Ndinagula tikiti yopita ndi yobwerera, masuti awiri a bambo, ndi mapoto a Mai Tino.

Ndinafika ku Unit G masana, fumbi lili kobo, ana akusewera mpira wa mapepala pamsewu monga kale. Mpanda wathu ndinauona ndili patali, wautali kuposa wa aneba, ndipo mtima unanyada. Nditafika pa geti ndinapeza loko wamkulu, dzuwa lili pamutu. Ndinagogoda mpaka Mai Tino anatuluka ndi kiyi atamumangirira m'chiuno. Titakumbatirana ndi kulira, ndinafunsa ngati kwachuluka akuba.

"Aiwa, Tete, ndeya Sekuru," anatero. Lokoyo anali wa bambo. Anandifotokozera kuti m'mawa uliwonse amavala jekete, kunyamula sutikesi ya malata, n'kupita pokwerera makombi kukafunsa basi ya ku Dedza. Mahwindi, anyamata oitanira aja, ankawaseka, ndipo tsiku lina wina anawakweza n'kukawatsitsa ku Harare. Anapezeka mawa lake. Kuyambira pamenepo geti limakhala lokhoma. Ndinauyang'ananso mpanda umene ndinautulukira thukuta zaka zonse zija, ndipo kunyada kuja kunatheratu.

Anali pa benchi, atavala jekete ndi chipewa, sutikesi ili pakati pa mapazi. Anali ataonda, khosi likusambira mu kolala. Ine ndinali nditamanga mpango kumutu chifukwa cha fumbi la m'njira, ndi chitenje m'chiuno. Ndinagwada patsogolo pawo.

"Ababa, ndabwera."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anavula chipewa, natsika pa benchi movutikira, n'kunjuta pansi akuomba m'manja mwaulemu.

"Amayi," anatero. "Mwayenda bwanji mtunda wonsewu? Ndimati ndibwere ndine."

"Ababa, ndine Tamanda. Mwana wanu."

"Ndimabwera, amayi. Basi yake ndi imene sikuoneka."

Agogo angawo sindinawaonepo, ngakhale pa chithunzi. Kaya ndi nkhope, kaya ndi mpango, kaya ndi chifukwa choti ndinali munthu woyamba pa zaka zambiri kuwayankha m'chinenero chawo maso ndi maso, sindikudziwa. Ndinawadzutsa n'kuwakhazika pa benchi, ine n'kuthawira kuseri kwa nyumba kukalira pamene pali matanki a madzi.

M'mawa mwake Mai Tino anatulutsa Baibulo lija mu sutikesi. Anati bambo amawapatsa tsiku lililonse kuti awawerengere, koma iwo lilime limakana. Tsopano poti ndabwera, ndiwawerengere ine.

"Hamunetseki kutsvaga, Tete," anatero akuliika pa tebulo. "Rinongovhurika ipapo."

Ankati sindivutika kufufuza, limangotseguka pamalo amodzi. Asanamalize n'komwe, bukulo linagwa pakati lokha. Linali tsamba la Abramu.

Ndinalitseka n'kulisiya. Pomwepo. Ndinalitembenuza, kuligwedeza, kulisiya osapemphera, ndili chiimire, ndikuganiza za mapoto. Pomwepo. Ndinachita kakhumi kapena kuposa, Mai Tino akundiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Msana wa bukulo unali wothyoka pamalo amenewo, ulusi ukuonekera. Tsambalo linali lofiirira ndi lofewa ngati nsalu, ndipo m'munsi mwake munali chizindikiro chakuda cha chala chachikulu, pamene munthu mmodzi wakhala akugwira kwa zaka zosawerengeka. Masamba ena onse anali oyera. Chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero n'chakuti chala chimenecho ndinachiona tsiku lija ndinkasala kudya. Ndikukumbukira bwinobwino kuti ndinachiona, ndipo maso anga anachidumpha.

A Mbewe anali atasamukira kwa mwana wawo ku Manyame Park, maso atachita khungu. Ndinapita tsiku lomwelo. Atangomva mawu anga anati, "Wa katatu uja wabwera." Sindinaseke. Ndinawauza za bukulo, iwo akugwedeza mutu.

Anandifotokozera zimene bambo sanatiuzepo ife ana. Pamene ankachoka ku Dedza, mphunzitsi wa ku tchalitchi cha kumudzi anawapatsa Baibulolo n'kuwawerengera tsamba limenelo, kuti apite ndi mtima umodzi. Mayi awo anali amasiye, ndipo mwana wamwamuna anali yekhayo. Anawaperekeza mpaka pamsewu, bambo n'kulonjeza kuti mvula ikagwa kawiri abwera. Kenaka kunabwera ukwati, ana, nkhondo, mapepala osowa. Kalata ya maliro inawapeza m'shedi ya fodya, mayi awo ataikidwa kale miyezi itatu. Sanapitenso, ngakhale kukaona manda.

"Ine ndagona nawo chipinda chimodzi pa komboni ya antchito," anatero a Mbewe. "M'mawa uliwonse belu lisanalire, tsamba lomwelo. Sankawerenga kuti alimbe mtima ayi. Ankafunsa. Ankafuna kudziwa ngati anamva Mulungu kapena anamva njala."

"Nanga bwanji simunandiuze pansi pa mango paja?"

"Mpingo wonse utaliza nthungululu? Ndipo iwe ukanandimvera? Nkhope yako inali itakwera kale basi."

"Nanga ababa? Iwo ankadziwa kuti bukulo limatseguka lokha."

"Ankadziwa. Koma taganiza, mwana wanga. Akanakuuza kuti tsambalo si yankho, ndiye kuti akudziuzanso okha. Munthu sagwetsa nyumba ali m'kati."

Ndinafunsa funso limene ndinabwerera. "Ndiye kuti sichinali chifuniro cha Mulungu kuti ndipite?"

Anasisita ndodo yawo. "Ine sindine Mulungu, Tamanda. Mankhwala amene awasunga amoyo mpaka lero anachokera ku Kepi, zimenezo sindingakane. Mwina Mulungu akhoza kuyankhula ndi pa msana wothyoka wa buku. Koma ndikufunse, tsiku lija anathira mchere mu tiyi, unalipo?"

"Ndinalipo."

"Nanga za mchere umenewo unamufunsa Mulungu kangati?"

Ndinatsanzika, n'kuyenda wapansi mpaka ku Unit G, ngakhale ndalama ya kombi ndinali nayo.

Mwezi utatha, foni inalira kuchokera ku Kepi kufunsa tsiku limene ndifike. Ndinapempha masiku awiri. Ndinapemphera, koma buku sindinaliimike pa bedi, chifukwa ndinkadziwa kumene likagwere. Panalibe loto, panalibe tsemwe, panalibe wondiombera m'manja. Panali nkhalamba pa benchi imene inayamba kudya bwino chifukwa ikati phala latentha, wina amamva nthawi yomweyo. Ndinawauza a ku Kepi kuti apeze wina. A Jemusi atamva anakwiya mpaka kumenya chitseko cha kombi.

"Saka tichadya Chichewa here, Tama? Mapiritsi anotengwa neChichewa?"

Ankafunsa ngati tizidya Chichewa, ngati mapiritsi amagulidwa ndi Chichewa. Funso lawo ndi loona, ndipo mpaka pano sindinaliyankhe. Ndinabwerera pa Makoni ndi kaunjika, theka la tsiku lokha, ndipo pali miyezi imene timagula mankhwala a masabata awiri m'malo mwa mwezi. Sindinaimenso kutsogolo kwa mpingo kunena kuti Mulungu wandiuza kuti ndikhale. Amayi a chigwirizano akandifunsa, ndimangoti ndikuyesa kumvera, ndipo ngati ndalakwanso, ndalakwa ndili pafupi.

Ndinakulira m'nyumba ya bambo ndikuyesa kuti ndi pamudzi. Kubwera kwanga ndi kumene kunandionetsa kuti kwa iwo panali pongodikirira basi, kuyambira pa komboni ya ku famu mpaka ku Unit G kuno. Ife tinabadwira pa siteji, tinakulira pa siteji, ndipo ine nditafuna kumva Mulungu ndinakatsegula pa bala la bambo anga n'kuliyesa khomo.

M'mawa uliwonse amavalabe jekete n'kunyamula sutikesi. Ndikawabweretsera tiyi amavula chipewa.

"Amayi, ndinati mvula ikagwa kawiri. Mundikhululukire."

Masiku oyamba ndinkalimbana nawo kuti ndine Tamanda, iwo n'kuyamba kunjenjemera. Tsopano ndinasiya. Ndimaika dzanja pamutu pawo, pa imvi zimene agogo anga sanazione, n'kunena kuti, "Ndakukhululukira, mwana wanga. Vula jekete, wafika." Amapuma mozama, n'kuvula, n'kumwa tiyi. Tsiku lonse amakhala mwamtendere, ndipo mawa lake timayambiranso. Kaya ndi tchimo kuyankha m'malo mwa akufa, Mulungu adzandiuza.

Sabata yatha ndinati ndiyese mwayi wanga. Anali atamwa tiyi, maso awo akuoneka owala kuposa masiku onse. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, malo omwe aja ndinakhala potsanzika.

"Ababa, inenso ndinati zaka ziwiri. Ndakhala zisanu ndi chimodzi. Mundikhululukire."

Anandiyang'ana modabwa, kenaka anaseka pang'ono.

"Inu amayi simunachoke. Wochoka ndine." Anawerama ngati akundiuza chinsinsi. "Ndili ndi mwana wamkazi, dzina lake Tamanda. Ndi yekhayo amene amandimva pakhomo pano. Anapita ku Kepi. Musamuimbe mlandu, amayi, anatsegula buku langa."

"Ndamva," ndinatero.

"Abwera. Anati zaka ziwiri."

Anandisunthira pa benchi kuti ndikhale nawo, n'kutembenukira ku geti. Ndinakhala pambali pawo, ndipo tonse awiri tinayamba kumudikira.